Mlamu wa M'nsapato

Bambo athu anali telala, ndipo mdani wawo wamkulu pa moyo wawo wonse sanali munthu ayi, inali njenjete. Ankasokera pakhonde la sitolo ya nsalu, pakati pa mkulu wokonza mawotchi ndi mayi wogulitsa mazipi. Matelala pamzerepo analipo ambiri, koma munthu akangoti Atelala, aliyense ankadziwa kuti akunena iwowo. Ine ndine mwana wawo woyamba. Tinabadwa angapo, koma amene nkhaniyi ikumukhudza ndi mng'ono wanga womaliza, yemwe mpaka lero timangomuitana kuti Mzime.

Udaniwo unayamba atangoyamba kusoka paokha. Mkwati wina anawasiyira suti kuti aifupikitse manja. Bambo anaikonza bwinobwino, kuipinda, n'kuitsekera m'bokosi. Ukwatiwo unasunthidwa, n'kusunthidwanso, ndipo pamene mwini wake ankabwera kudzatenga suti, kumsana kwa jekete kunali ngati sefa. Nthawi yosoka ina panalibe. Amene anapita ku ukwatiwo amati mkwati anatha tsiku lonse atatsamira khoma, ndipo potuluka anayenda cham'mbali ngati nkhanu.

Kuyambira pamenepo bambo ankayenda ndi timibulu toyera tonunkha tija toika m'zovala. Ankatiika m'matumba a jekete, m'kabati ya makina, m'chipewa, ngakhale m'zikwama zathu za kusukulu. Aphunzitsi ankadziwa kuti tafika asanatione. Mayi ankati anakwatiwa ndi sutukesi yotsegula kamodzi pachaka. Madzulo, chilichonse chouluka chikayandikira nyali chinkalandira patapata. Tikawauza kuti chimenecho n'chachikulu, mwina sichidya nsalu, ankangoti, "Mwana wa njoka ndi njoka."

Mzime anali wanzeru m'kalasi, ndipo anapita ku yunivesite n'kukhalako zaka zambiri. Bambo ankauza aliyense wodzayezetsa thalauza kuti mwana wawo akuphunzira udokotala. Tsiku limene anabwera kunyumba atamaliza, anapeza pakhonde pathu pali mayi wina wapafupi, atatambasula mwendo wotupa.

"Iwe Mzime," anatero bambo, "mayiwa mwendo ukuwasautsa. Taugwira."

"Bambo, ndakhala ndikukuuzani. Ine si dokotala wa anthu."

"Wa ng'ombe?"

"Ayi."

"Wa nkhuku tsono?"

"Wa njenjete, bambo. Ndimafufuza za ubongo wake."

Mayi uja anapinda mwendo wake pang'onopang'ono n'kumapita osatsanzika.

"Njenjete ili ndi ubongo?" anafunsa bambo.

"Ili nawo. Waung'ono ngati mutu wa phini."

Bambo anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. "Ndiye kuti suti ija inkaidya ikudziwa chimene ikuchita."

Patapita zaka zingapo ntchito yosoka inayamba kufooka. Anthu ankagula zovala za kaunjika, ndipo bondo la bambo linayamba kukana kupalasa makina. Anabweretsa makinawo kunyumba n'kukhala pansi. Apa m'pamene mavuto anayambira, chifukwa kunyumbako kunali kale munthu wina wongokhala. Anali amalume athu, mlongo wawo wa mayi, amene anabwera kalekale ati kudzafuna ntchito kwa masiku ochepa. Sofa m'nyumbamo anali mmodzi. Mayi akaweruka ku benchi yawo ya kumsika ankapeza amuna awiri atakhala wina mbali iyi wina mbali iyo, atafufuma, akulimbirana wailesi. Bambo akatopa ndi alamu awo ankatembenukira mayi: makatani n'ngopotoka, nsalu ya patebulo mpendero wake si wowongoka, batani ili anasoka ndani.

Mayi anapita kwa Mzime. "Mwanawe, uwatenge bambo ako, ukawapatse chochita. Apo ayi udzamva kuti kwanu kwachitika zina."

Ku labotale kumene Mzime ankagwira ntchito kunkafunika munthu wodyetsa mbozi, zija zimene zimasanduka njenjete. Bambo atamva anadumpha.

"Ine? Ndikhale wophikira adani anga?"

"Malaya ndasita kale," anatero mayi. Ndipo bambo anapita.

Chipinda cha mbozizo ndinachionapo. Chinali chapansi, chofunda ngati mkati mwa bulangeti, mashelefu mpaka kudenga, ndipo pa shelefu iliyonse panali mabeseni apulasitiki okhala ndi zivundikiro zoboolaboola. M'mabesenimo munali mbozi zobiriwira, zina zonenepa ngati chala chachikulu. Ukakhala chete umamva zikutafuna masamba, phokoso lake ngati mvula yowaza pa malata. Ntchito ya bambo inali kuthyola masamba kumunda wa kuseri, kutsuka mabeseni ndi kutaya zitosi.

Asanathe sabata, mbozi za mbali imene bambo ankakonda kuima zinasiya kudya, zinangopindika. Mkulu wa pamalopo, mayi wamfupi wa magalasi omangirira chingwe m'khosi amene onse ankamutcha Apulofesa, analowa n'kuyamba kununkhiza. Ananunkhiza masamba, ananunkhiza madzi, ananunkhiza khoma, mpaka mphuno yawo inakaima pa thumba la jekete la bambo. Anapisa dzanja n'kutulutsa timibulu todzaza chikhatho.

"Bambo, izi n'chiyani?"

"Chitetezo, mayi."

"Mukudziteteza kwa ndani?"

Bambo anayang'ana mashelefu onse aja. "Mmene zachulukiramu?"

Anawalamula kuti jekete azisiya panja, zovala zonse zichapidwe, ndipo mkati azivala chikhothi choyera ngati ena onse. Kunyumba mayi athu anachapa masiku angapo, kuyanika, kuchapanso. Fungo litatha anawayandikira bambo, n'kuwanunkhiza paphewa.

"Kodi fungo lanu lenileni ndi limeneli?"

"Ndi limenelo."

"Timibulu tija munatitaya tonse?"

Chikhothi choyeracho sichinawasangalatse bambo. Ankati amene anachisoka anali pa mkangano ndi mapewa. Anabwera nacho kunyumba, kuchimasula, kuchibweza m'chiuno, n'kuikaponso kathumba ka magalasi. Apulofesa ataona anabweretsa chawo. Posakhalitsa bambo ankatsuka mabeseni m'mawa, masana ali pakona ndi singano. Tsiku lina Apulofesa anaima n'kumayang'ana mmene zala zawo zinkamangira mfundo yomaliza, kenako anaitana Mzime. Umu ndi mmene bambo anakwezedwera pa ntchito, kuchoka pa zitosi kupita pa ulusi.

Mzime anawakhazika pampando wautali, n'kuika mbozi imodzi patsogolo pawo.

"Mvetserani, bambo. Mu ubongo wa mboziyi muli tinthu tamoyo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Ena mwa iwo ndi a mitsempha ngati anzawo, koma ntchito yawo ndi kutulutsa timadzi tolowa m'magazi, timene timati mahomoni. Timadzi timeneti ndi uthenga. Tikafika pachifuwa, pamenepo pamatulukanso timadzi tina touza thupi lonse kuti nthawi yakwana, vula khungu, sanduka."

"Ndiye ulusi ukulowa pati?"

"Tikamanga pakhosi uthenga usanatuluke m'mutu, thupi silisanduka, limangodikira. Tikamanga m'chiuno, kumtunda kumasanduka, kumunsi kumakhalabe mbozi. Tikatero timadziwa nthawi imene maselo aja ayamba kulankhula."

Bambo anaitembenuza mboziyo ndi chala. "Chiuno chake chili pati?"

"Apa, pamene pathera miyendo yakutsogolo."

"Ndasokerapo anthu ambiri otere. Chiuno chochita kufunsa mwini wake."

Poyamba sizinayende. Bambo ankakoka ulusi ngati akulimbitsa batani la yunifomu ya mwana wa sukulu, ndipo mbozi zingapo zinafera m'manja mwawo. Mzime anawakalipira pamaso pa anthu, iwo n'kuyankha kuti, "Pepani adokotala," koma madzulo anadzandidandaulira kuti mwana amene anamusokera matewera lero akuwaphunzitsa mfundo. Kenako anayamba kumanga molekerera, uthenga n'kumadutsa bwinobwino pansi pa ulusi. Pang'ono ndi pang'ono dzanja linazolowera. Tsiku limene anaona yoyamba itasanduka theka, kumtunda yauma yabulauni, kumunsi ikadali yobiriwira ikugwedera, anaseka mpaka kutsokomola.

"Pamwamba jekete, pansi kabudula!"

Mzime anawaonetsanso maselowo pa makina okulitsa zinthu. Anali timadontho topakidwa utoto wabuluu, tina tokhala ndi nthambi ngati mizu ya udzu, tina topanda kanthu.

"Amene ali ndi nthambiwa akugwira ntchito kale. Mbozi ikalowa m'chikwa, ena mwa iwo amafa, ena amaphuka nthambi zatsopano. Tsono ang'onoang'onowa anabadwa kale, koma amangokhala. Amadikira mpaka m'chikwa, m'mene amakulira n'kuyamba ntchito."

"Amangokhala? Kudya amadya?"

"Amadya."

"Ndawadziwa. Mmodzi amagona pa sofa kwathu."

Mu beseni lina munali mbozi yaikulu kuposa zonse. Inkamaliza tsamba lake, kukankha inzake, kudyanso la inzakeyo, kenako n'kugona chotambalala pakati penipeni. Bambo anaitcha Mlamu. Ankaipatsa moni m'mawa uliwonse n'kuifunsa ngati za ntchito zija zatheka. Tsiku lake lomangidwa litafika anaizunguliza ulusi pakhosi, iyo n'kudzutsa mutu ngati ikuwayang'ana. Anamasula ulusiwo. Anaipempha kwa Mzime, ndipo iye anati mbozi zilipo zokwanira, aitenge. Anaiika m'kachitini ka mabatani, kuboola chivundikiro, n'kukaibisa kunyumba kuseri kwa makina osokera. Sanawauze mayi za zimenezi.

Madzulo ena bambo anali pakhonde akulankhula ndi Mzime pa foni, osadziwa kuti amalume agona pa sofa pansi pa windo.

"Mlamu wanenepa, mwanawe, khosi silikuonekanso. Kudya ndi kugona basi. Tsiku lija ndikanangomumanga pakhosi, ulusi ndinali nditazunguliza kale, koma chisoni chinandigwira. Komabe masiku ake atha, ndikuona. Lero wakana chakudya."

Zinangochitika kuti tsiku limenelo amalume anali atasiya buledi m'mbale chifukwa cha m'mimba. Anakwawa kuchoka pa sofa, kukalowa m'chipinda chawo, n'kutsekera chitseko ndi bedi. Mayi atafika anamva mawu akuchokera pa kabowo ka kiyi.

"Achemwali, amuna anu akufuna kundipha. Anandizunguliza kale ulusi ndili mtulo."

Mayi anatuluka panja ali ndi chikwama m'manja. "Bambo a kuno, mlongo wanga wakulakwirani chiyani?"

"Zambiri, koma bwanji?"

Nkhani itamveka bambo anaseka, nati adikire aone Mlamu amene ankanena. Anatenga kachitini kuseri kwa makina, kuitana amalume kuti atuluke, n'kutsegula pamaso pa onse. M'kachitinimo munali tsamba lofota ndi zitosi. Chivundikiro chinali chitasekuka mbali imodzi.

"Munali mbozi umu," anatero bambo, mawu atatsika.

"Mbozi yanji?" anafunsa mayi.

"Ya njenjete."

"Inu? Inuyo mwabweretsa njenjete m'nyumba mwanga?"

Pamene ine ndimafika, nditaitanidwa, zovala zonse za m'wadiropu zinali panja. Mayi ankakung'untha diresi lililonse n'kuliyang'ana padzuwa lolowa, bambo ali chogwada pansi pa tebulo akuitana, "Mlamu! Mlamu!" ndipo amalume ankayankha kuti "Wawa" nthawi iliyonse asanakumbukire kuti si iwo. Mzime anafika pambuyo panga. Anawatsimikizira mayi kuti mtundu umenewu umadya masamba okha, odya nsalu ndi ena ang'onoang'ono.

"Ikasiya kudya ndiye kuti uthenga uja watuluka," anatero. "Imayendayenda kufuna pomanga chikwa. Funani malo a phee, pamene palibe chimene chimasuntha."

Tinaipeza pansi pa bedi la amalume, m'nsapato yawo ya kumanzere. Inali itayamba kale kuluka, ulusi wabulauni utatseka pakamwa pa nsapatoyo. Nsapato zimenezi zinali zokhazo zimene amalume anali nazo zoyendera. Mayi anakoka ya kumanja. Inali mbuu ndi fumbi, ndipo mkati mwake kangaude anali atamanga ukonde, ana ake ali balala.

"Iwe," anatero mayi, "si umati ife tikachoka m'mawa umavala n'kupita kukafuna ntchito?"

"Achemwali, masiku ano ntchito amafunira pa foni."

Mayi anafuna kukutumula nsapatoyo panja, koma bambo anaifungatira pachifuwa. Mzime anati chikwa chikasunthidwa pa nthawi imeneyi chikhoza kuwonongeka. Nkhope ya amalume inawala.

"Mwamva nokha, alamu. Ine mawa ndimafuna ndilawirire, koma ndipita bwanji nsapato ili ndi mlendo?"

Bambo anaima pakati pa chipinda, nsapato ili m'manja, akuyang'ana mlamu uyu ndi mlamu uyo. Kenako analowa kuchipinda kwawo n'kutuluka ndi nsapato zawo zakuda, zimene ankavala pa zochitika zokhazokha.

"Valani izi. Mawa tinyamukira limodzi."

Nsapatozo zinali zothina. Amalume anayenda nazo mpaka kumene kuli nyumba zosungiramo katundu, matuza n'kutuluka. Anaona mpando pa geti lina, anakhalapo kuti apumitse mapazi, ndipo poti kudzuka kunali kowawa, anakhala pomwepo mpaka masana. Mwini malowo anadutsa m'mawa n'kuwaona, anadutsanso masana n'kuwapeza ali chikhalire. Mlonda wake wakale anali atamuchotsa chifukwa choyendayenda. Anawafunsa ngati angathe kukhala choncho tsiku lililonse. Amalume anati ayesetsa. Patatha mwezi anapeza kachipinda pafupi ndi ntchitoyo n'kusamuka, nsapato zakuda zili kumapazi, ndipo bambo sanazifunsenso.

Nsapato ya chikwa ija inaikidwa pamwamba pa kabati ya pabalaza. Alendo akafunsa, mayi ankati ndi za amuna awo, afunse eni ake. Bambo analetsa kukweza wailesi. Madzulo alionse ankafunsa Mzime kuti panopa mkatimo mukuchitika chiyani, iye n'kumawauza kuti thupi lakale likusungunuka, mapiko akupangika, maselo ongokhala aja akuphuka nthambi. Bambo ankaika khutu pa nsapato n'kunena kuti sakumva kanthu, koma ntchito yabwino ilibe phokoso.

Loweruka lina m'mawa ndinapita kukawaona. Tikumwa tiyi tinamva kukwaya pamwamba pa kabati. Bambo anatsitsa nsapato n'kuiika patebulo. Munatuluka kanthu konyowa, kaubweya, ka mimba yaikulu, mapiko ake ang'onoang'ono okwinyika ngati kampango koiwalika m'thumba pochapa. Kanayenda mopepesuka n'kuyamba kukwera katani.

"Kalanga ine," anatero bambo. "Watuluka osasita."

Ndinkayesa nthabwala, koma anapita kukalumikiza nsimbi ku magetsi, n'kunyowetsa kansalu. Ankati angopsepsa pang'ono, moto wochepa, ngati posita silika. Ndinaimbira Mzime.

"Alandeni nsimbiyo!" anakuwa. "Achemwali, alandeni! Apatseni foni."

Ndinagwira nsimbi, bambo anagwira foni.

"Bambo, musakhudze. Maselo aja ndi amene amutulutsa m'chikwamo, ndipo ntchito sanamalize. Tsopano akutulutsa timadzi tomaliza. Njenjeteyo ipopera magazi m'mapiko, mapikowo atambasuka okha, kenako auma. Khalani pansi."

Tinakhala pansi tonse atatu, tiyi n'kuzizira. Njenjeteyo inalendewera pa katani, ikunjenjemera pang'ono. Makwinya anayamba kuchoka kuyambira pamapewa kutsikira m'munsi, pang'onopang'ono moti ukayang'anitsitsa sumaona kanthu, koma ukayang'ana kumbali n'kubwereranso umapeza mapiko atalika. Pomaliza anali aakulu ngati chikhatho changa, abulauni, okhala ndi mizere yofiirira, ndipo pa phiko lililonse panali dontho ngati diso. Bambo anavala magalasi, kuyandikira, n'kuyendetsa maso m'mphepete monse ngati mmene ankayenderera ntchito ya telala mnzawo.

"Palibe ulusi wolendewera," anatero motsitsa mawu. "Mbali zonse n'zofanana."

Mayi, amene ankati alibe nazo ntchito, anabwera ndi madzi a shuga pa kasosala. Titamuuza Mzime anati tisavutike, mtundu umenewu ukasanduka sukhala ndi pakamwa, sudyanso mpaka kufa.

"Mlamu wopanda pakamwa," anatero bambo. "Zimenezi sindinazionepo."

Dzuwa litalowa anatsegula windo. Njenjeteyo inagwedeza mapiko kanthawi, inagunda denga, inagunda chipewa cha bambo pa msomali, kenako inapeza windo n'kupita. Bambo anakhala pawindopo mpaka mayi anawauza kuti akulowetsa udzudzu.

Ku labotale anagwirako ntchito zaka zambiri ndithu. Chaka china Apulofesa anaitanidwa kunja kukafotokoza za maselo aja pa msonkhano waukulu, ndipo anati pakufunika chithunzi choonetsa mmene mbozi imamangidwira. Bambo anakameta tsitsi, anagula tayi, mayi anachapa chikhothi choyera mpaka kuwawa m'maso. Wojambula anawakhazika pampando, anawauza kuti asapume, anajambula kambirimbiri. Chithunzi chitatuluka munali mbozi, ulusi, chala chachikulu ndi chala cholozera.

Anakhumudwa tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake anakachiika mu felemu n'kuchipachika pabalaza, pamwamba pa zithunzi za maukwati athu. Panopa anapuma ntchito, maso anafooka, koma mlendo aliyense akafika amamuimika patsogolo pa chithunzicho asanakhale pansi.

"Zala izi zinakwera ndege," amatero. "Anthu ophunzira anadzaza holo kudzaziona."

"Nanga inuyo, Atelala?"

"Ine ndinatsala. Mbozi zikanadyetsedwa ndi ndani?"